Popumira pa Filomena

Iyi si nthano yoti muziyankha kuti tili tonse ayi. Njongomvera basi, ndipo amene ali ndi tulo akagone, chifukwa sindibwereza. Senderani kuno, utsiwo ukupita uko.

Pa mishoni ina ya kumapiri a ku Dedza, kumene nthawi yachisanu madzi a m'ndowa amaluma zala, panali bambo wina dzina lawo a Sipiriano Kanyumbu. Anali mphunzitsi wopuma, wamtali, wowerama pang'ono, ndipo anthu ankawadziwa ndi chinthu chimodzi: zitoliro. Osati zabango zija amasema abusa a ng'ombe kudambo. Izi zinali zamtengo wosalala, zochokera kunja, zina zazing'ono, zina zazikulu, china chotalika kuposa mkono wa munthu wamkulu. Anazisiya wansembe wina wa ku France, Bambo Remi, pamodzi ndi buku lakale la nyimbo zakwawo. Nyimbozo, ankatero Bambo Remi, zinkayimbidwa kalekale mfumu ya kwawoko ikamalowa m'nyumba yachifumu, anthu onse ataimirira, zipewa zili m'manja.

Koma amene anapeka nyimbozo sanalembere zitoliro. Analembera mavayolini, malipenga ndi ng'oma. Ndiye ntchito ya a Sipiriano zaka zonsezo inali yozikonza kuti zikwane m'kamwa mwa chitoliro. Noti, ndiye kuti liwu limodzi la nyimbo, ikakwera kwambiri aitsitse, ikatsika kwambiri aikweze, mdidi wa ng'oma aupereke kwa chitoliro chachikulu kuti chizidumphadumpha m'malo mwake. Ndipo chachikulu pa zonse, apeze popumira. Vayolini sapuma, akhoza kulira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Koma woliza chitoliro ndi munthu, ali ndi chifuwa. Umayenera kumusiyira kampata papepala koti akokere mpweya.

Anthu akale a ku France aja ankalemba nyimbo zawo m'mawu asanu, osati anayi ngati kwaya yathu. Choncho gulu la a Sipiriano linali la anthu asanu. Iwo eni ake ankaliza sopulano. Mwana wawo wamkazi, Filomena, ankaliza aluto. Mayi Chimtengo, mphunzitsi wa kupulayimale, ankaliza tena. Mlamu wawo, a Gelesomu Ngozo, munthu wa pakamwa posabisa, ankaliza besi. Ndipo mawu achisanu, apakatikati, amene amangoyenda pansipansi kulumikiza enawo, ankaliza mkazi wawo wa a Sipiriano, Nangozo, mlongo wawo wa a Gelesomu.

Panali kanthu kena kamene Bambo Remi ankakalipira mpaka kufiira khosi. "Musagube ngati asilikali! Tsimphinani!" Ankatanthauza kuti manoti akatsatana awiriawiri, yoyamba uziitalikitsa pang'ono, yachiwiri uziifupikitsa. Papepala salemba, umangodziwa. Onsewo ankayesa, koma ena ankatsimphina mopyola, ena ankaiwala n'kubwerera kuguba. Nangozo yekha ndi amene ankatsimphina bwino, mopepuka, ngati munthu amene akuyenda ndi mtsuko wodzadza koma osataya dontho. Ukamumva kamodzi sukanamusokoneza ndi wina.

Nangozo anadwala nthawi yaitali, ndipo anamwalira chimanga chili pafupi kucha. A Sipiriano anali atadwazika matendawo okha ndi Filomena, kutembenuza, kusambitsa, kuchapa, kudikira m'makonde a zipatala. Maliro atatha anatsala ndi kutopa kumene tulo sitichotsa. Katundu wa malemu, zitenje, mbale, nsapato, anakamusunga kwa a Gelesomu, kudikira kuti abale adzasonkhane akakolola, adzawasudzule a Sipiriano n'kugawa zinthuzo mwamwambo. Chitoliro cha Nangozo chinatsala m'kabati ya m'chipinda choyesereramo nyimbo, kuseri kwa tchalitchi. Palibe anachikhudza.

Ndiye kunabwera Bambo Mfumu, wansembe wamkulu wa pamishonipo. Anali wachinyamata, wa zinthu zothamanga, woti akafika pakhomo pako njinga yamoto sazimitsa.

"A Kanyumbu, Ambuye Episkopi akubwera kudzapereka sakramenti la Ulimbitso. Ndikufuna akamadzalowa m'tchalitchi zitoliro zija zidzalire. Nyimbo ya mfumu ija."

"Abambo, tatsala anayi."

"Anayi si anthu?"

"Nyimboyo ndi ya asanu."

"Aa, inu ndinu akatswiri, mupanikiza penapake. Komanso zikuthandizani, musamangokhala pakhonde ngati mukudikira basi."

A Sipiriano anafuna kukana. Koma kukana kumafuna mphamvu, ndipo iwo analibe. Anangoti chabwino, njinga ija n'kuliyatsa.

Anakhala patebulo ndi pensulo, buku la Bambo Remi lili potsegula. Anayang'ana mzere wa Nangozo nthawi yaitali. Kuutaya sakanatha, nyimbo ikanabooka pakati. Ndiye anayamba kuugawa. Noti iyi kwa Mayi Chimtengo, iyi kwa alamu. Koma manoti ambiri anagwera kwa Filomena, poti mawu ake anali oyandikana ndi a mayi ake. Opeka nyimbo aja anakonza kuti wina akakhala chete mnzake azisuntha, choncho paliponse pamene Filomena ankapuma ndi pamene mayi ake ankayenda. A Sipiriano anadzaza mipata yonseyo, umodzi ndi umodzi. "Ndi mwana uyu, chifuwa chake n'chatsopano," anatero mumtima. Sanaganize zambiri, ankangofuna ntchitoyo ithe akagone.

Tsiku loyamba kuyeserera anafika dzuwa litapendeka, chifunga chikutsika kale m'phiri. Atatsegula chipinda anapeza mipando itayalidwa mozungulira monga mwa nthawi zonse. Inali isanu.

"Wayala ndani?" anafunsa Mayi Chimtengo.

Aliyense anayang'ana mnzake. A Gelesomu anati mwina ndi alonda, poti anazolowera. Ananyamula mpando wachisanu n'kukaukhazika kukhoma, ndipo anayamba.

Nyimbo ya mfumu imayamba mwaulemu, pang'onopang'ono, ngati munthu wamkulu amene sathamangira aliyense. Kenako imathamanga, mawu akuthamangitsana, kenako imabwereranso ku ulemu uja. Pa gawo lothamangalo ndi pamene panali manoti ambiri a Nangozo. Atafika pamenepo a Sipiriano anatchera khutu. Manotiwo anatuluka bwino, motsimphina, mopepuka, osataya dontho.

Atamaliza Mayi Chimtengo anawomba m'manja. "Iwe Filo! Lero ndiye watengera mayi ako ndithu. Unkabisa eti?"

Filomena anali atatsitsa chitoliro, dzanja lili pachifuwa. "Sindinayimbe ine pamenepo," anatero. "Mpweya unandithera ndisanafike."

Anaseka, kaseko kosafika m'mimba. A Gelesomu anati chipindacho chimabweza mawu, n'chakale. Mayi Chimtengo anavomera mwachangu, n'kuyamba kulongedza chikwama chawo ngakhale nthawi inali isanakwane.

Onse atatuluka, a Sipiriano anatsegula kabati kuti asunge mapepala. Kathumba ka chitoliro cha Nangozo kanali pamalo pake, koma kosamanga. Anachitulutsa. Mtengo wake unali wofunda. Inu mukudziwa kuzizira kwa kumeneko, chinthu chokhala m'kabati chimakhala ngati mwala wa mumtsinje. Koma ichi chinali chofunda. Anachigawa pakati n'kulowetsamo chala, ndipo m'kati munali monyowa, monga momwe chitoliro chimakhalira munthu akangomaliza kupumiramo.

Anaima pamenepo, chitoliro chili m'manja. Kenako anachipukuta bwinobwino ndi kansalu, monga ankachitira mwini wake, n'kuchibwezera. Sanauze munthu. Ndipo ndikuuzeni zoona, pobwerera kunyumba tsiku limenelo anayenda mowongoka kusiyana ndi masiku onse chimwalirireni mkazi wawo.

Anawonjezera masiku oyeserera. Anati nyimbo siinapse, Episkopi si munthu womuyimbira zosaphika. Tsiku lililonse ankapeza mipando isanu, ndipo anasiya kufunsa. A Gelesomu ankachotsa wachisanuwo, mawa lake n'kuupezanso pomwepo, pakati pa Filomena ndi Mayi Chimtengo.

Mayi Chimtengo anayamba kubwera ndi kolona m'manja. Tsiku lina analowa ali wefuwefu, maso ali kuchitseko.

"Amene ali pamasitepe a tchalitchiwo ndi ndani?"

"Pali munthu?"

"Mayi wina, wafunda chitenje kumutu. Wandifunsa kuti ayamba kale? Ine n'kuyankha kuti ayi, akudikira ine. Ndangoyenda pang'ono n'kudzifunsa kuti kodi mawu amenewa ndikuwadziwa kuti?"

A Gelesomu anatuluka kukaona. Anabwerera n'kunena kuti kuli chifunga chokha. Koma atakhala pansi anakanika kulumikiza chitoliro chawo.

Nawonso a Sipiriano anamuona, kamodzi. Ankachokera kuchigayo chisisira chitagwa, ndipo kutsogolo kwawo, mumsewu wa mikungudza wopita kumishoni, munkayenda mayi wofunda kumutu. Sankafulumira, koma iwo akawonjezera liwiro mtunda sunkachepa. Chimene chinawaimitsa ndi mapazi. Pamiyala ya mumsewumo ankamveka awiriawiri, loyamba lotalika pang'ono, lachiwiri lalifupi. Pamene msewu umakhotera kutchalitchi, chifunga chinatseka, ndipo sanaonenso kanthu.

Tsono Filomena. Mtsikana ameneyu anali wamphamvu, woti ankasenza thumba la mbatatesi kuchokera kudimba osatula panjira. Koma anayamba kupumira pakati pa chiganizo. Akamasesa ankaima n'kutsamira tsache. Masaya analowa, milomo inatuwa. Anapita kuchipatala chachikulu, anamujambula chifuwa, anamuyeza magazi, n'kumuuza kuti sakuonapo kanthu, amwe mapiritsi awa aone. Mapiritsi anatha, phuma osatha. Ndipo aliyense wa maso ankaona kuti tsiku lililonse akachoka koyeserera, amatuluka wochepa kuposa momwe analowera.

Madzulo ena akuwotha mbaula anati, "Ababa, ndikuuzeni kanthu, musandiseke."

"Nena."

"Ndikamafika pamanoti mwandiwonjezera aja, ndimamva ngati wina wandigwira apa." Analoza pansi pa khosi. "Ngati akuti tapatuka, ndi panga pano. Sandikankha mwankhanza ayi. Koma sasiya. Ndiye mpweya umene ndakokera kuti ndiyimbire, umangopita, sindidziwa kumene ukupita."

A Sipiriano anasonkheza makala amene sankafunika kusonkheza. "Ndi kutopa, mwana wanga. Tonse tatopa. Zatsala pang'ono."

"Sitingabwezere ngati kale, ndizipuma pomwe ndinkapuma?"

"Nyimbo ibooka."

Filomena anali mwana womvera, ndipo ankaona kuti bambo ake ayambanso kudya, ayambanso kumeta ndevu. Sanafune kuwalanda zimenezo.

Amene anakanika kupirira ndi a Gelesomu. Anawapeza a Sipiriano akutsegula chipinda, enawo asanafike, n'kutenga pepala la Filomena.

"Alamu, tandiuzani. Manoti awa mwalemba ndi pensulowa, ndi a yani?"

"Ndi a nyimbo."

"Musandiyankhe ngati ndine mwana wa sukulu. Ndi a yani?"

A Sipiriano anayang'ana pansi. "Anali a mlongo wanu."

"Eya. Zitenje zake zili kwathu m'sutikesi, sitinatsegule. Mbale zake tinamanga m'thumba. Ngakhale sipuni sitinapatse munthu, tikudikira abale asonkhane, tikusudzuleni, tigawe pamaso pa onse. Koma inu mwatenga chinthu chimene anachigwira zaka zonse zija kuposa chitenje chilichonse, mwagawa nokha patebulo. Inenso mwandipatsako, osandiuza n'komwe. Munafunsa ndani?"

"Manoti si katundu, alamu."

"Nanga malemuwo akudzatenga chiyani?"

Panja mikungudza inkangodontha madzi a chifunga.

"Ine ndine Mkhristu ngati inu nomwe," anapitiriza a Gelesomu, mawu atatsika. "Misa sindijomba. Koma makutu ndili nawo, ndipo mlongo wanga ndimamudziwa. Sanali wosiya chinthu chake m'manja mwa wina. Ine akandifika pamanoti anga awiriwo ndimangomva kubanika pang'ono, n'kudutsa. Koma mwanayu mwamusenzetsa mtolo wonse. Fufutani, alamu. Lero lomwe."

"Episkopi akangopita ndifufuta."

"Akangopita? Mwamuyang'ana mwanayo?"

"Ndati ndifufuta!"

Inu, munthu! A Sipiriano ankadziwa. Ankadziwa bwino lomwe kuyambira tsiku limene anapeza chitoliro chofunda. Koma ankadziwanso kuti akangofufuta, chimene chikubweretsa Nangozo chatha, ndipo sadzamumvanso mpaka tsiku lawo lomwe. Ndiye ankadziuza kuti kamodzi kokha, mawa basi, mwana ndi wamphamvu apirira. Musawaweruze msanga, koma musawakhululukirenso msanga.

Kuyeserera komaliza kunachitika kutatsala pang'ono kuti Episkopi afike. Magetsi anali atazima, choncho anayatsa kandulo pawindo. Filomena anafika atafunda juzi la bambo ake, akuyenda mogwira khoma. A Gelesomu anati asayimbe, koma iye anati, "Ayi amalume, ndiyesa." Mpando wachisanu tsiku limenelo palibe anauchotsa.

Anayamba gawo laulemu lija. Linayenda. Atalowa gawo lothamanga, mawu achisanu anabwera, ndipo sanabwere mobisala ngati masiku ena. Anamveka poyera, ochokera pampando wopanda munthu, okoma kuposa momwe Nangozo ankalizira ali moyo. Lawi la kandulo linawerama kuloza komweko. Mayi Chimtengo anasiya kuliza n'kuyamba kupemphera mokweza. Zala za Filomena zinachoka pamabowo, chitoliro chake chinagwera pamiyendo, mutu unapendekera kumbuyo, pakamwa pali yasaa koma mpweya osalowa.

A Sipiriano anaona. Anaona ndithu, maso awo anali pomwepo. Koma anapitiriza kuliza, sopulano yawo ikuyenda pamwamba pa mawu a mkazi wawo, ziwirizo zitakumbatirana monga kale. Anati angomaliza mzere umodziwo.

"Alamu!" A Gelesomu anawalanda chitoliro pakamwa mpaka kuwacheka mlomo. "Mwana akufa uyu!"

Nyimbo inaduka. Koma Mayi Chimtengo mpaka lero amalumbira kuti noti imodzi inatsala ikulira yokha kwa kanthawi, ngati munthu amene sanamve kuti anzake aima.

Anamunyamulira kukachipatala ka mishoni. Asisitere a kumeneko anamukhazika pabedi motsamira mapilo, anamubaya jakisoni, n'kunena kuti akafika m'mawa osasintha amutumiza kuchipatala chachikulu, ngati afike. A Gelesomu anapita kukafuna galimoto. Pochoka sanawayankhule alamu awo, anangowaponyera chikwama cha mapepala pamiyendo.

A Sipiriano anatsala okha pabenchi la pakhonde, nyali ya palafini ili pambali. Mdima unali utangogwa. Kudzera pawindo ankamva kupuma kwa Filomena, kaphokoso kowonda, kokoka movutika, ngati chitoliro chong'aluka. Kakamveka, n'kusowa nthawi yaitali, n'kumvekanso. Anakhala akumvetsera, ndipo mantha amene anayenera kuwagwira kalekale anawagwira tsopano.

Benchi lija linalira, n'kutsika pang'ono mbali inayo.

Sanacheuke. Mbali ya thupi yoloza kumeneko inazizira ngati atsamira khoma lonyowa. Anangoyang'ana mapepala pamiyendo pawo.

"Nangozo," anatero chapansipansi, "ndatopa ine."

Anapitiriza, maso ali pamapepala pomwepo.

"Ndimadziwa kuti manoti aja ndi anu. Ndinadziwa kalekale. Koma ndinkafuna kukumvani. Nyumba ija yakula, Nangozo, mulibe mawu. Ndiye ndinati bola mubwere, ngakhale mubwere mutakwiya." Anapukuta magazi a pamlomo. "Koma si uyu. Uyu ndi wanu ndi ine. Munamubereka movutikira, ndinalipo. Tengani zanu, mumusiyire mpweya wake."

Anatulutsa pepala loyera n'kujambula mizere. Anatenga pepala la Filomena, labala ndi pensulo. Noti iliyonse ya Nangozo ankayamba kuilemba papepala latsopano, pamalo pake penipeni, kenako n'kuifufuta kwa mwana, n'kubwezerapo kachizindikiro kopumira. Dzanja linkalemera ngati akulima pouma. Pena ankaima, pensulo ili m'mwamba, chifukwa ankamva m'mutu momwe malo amenewo ankamvekera, ndipo ankadziwa kuti akuwamva komaliza. Kenako kupuma kong'aluka kuja kunkabwera pawindo, iwo n'kufufuta.

Atamaliza la Filomena anatenga la Mayi Chimtengo, kenako la a Gelesomu. Sanasiye ngakhale imodzi. Mzere wa Nangozo unakhalanso wathunthu, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Pamwamba analemba dzina lake, n'kuliyika pepalalo pabenchi, pakati pa iwo ndi kozizira kuja.

Kwa kanthawi sikunachitike kanthu. Kenako ngodya ya pepala inatukuka pang'ono n'kugonanso, ngakhale kunalibe mphepo. Benchi linalira n'kuwongoka. Pamiyala ya pabwalo panamveka mapazi awiriawiri, akunka nachepa. Apo ndiye a Sipiriano anacheuka, mochedwa. Nyali inkangowalitsa chifunga.

Pamene a Gelesomu ankafika ndi galimoto, asisitere anatuluka n'kunena kuti asavutike, mtsikana wagona tulo ndipo akupuma ngati khanda. A Sipiriano anapita kukatsegula kabati ija. Chitoliro chinali chozizira ndi chouma. Anachikulunga ndi pepala lija n'kupereka kwa mlamu wawo ndi manja awiri.

"Mukaike m'sutikesi muja. Mudzagawe inu eni ake."

A Gelesomu analandira. Anafuna kunena kanthu kowawa, kanaoneka kakubwera, koma atawayang'ana nkhope anangoti, "Kagoneni, alamu."

Tsiku la Ulimbitso tchalitchi chinadzadza mpaka anthu kukhala m'mawindo. Filomena anaumirira kuti aliza. Anali wowondabe, koma anakwera masitepe osagwira munthu. Anakhala anayi pafupi ndi guwa, mipando inayi. Belu linalira, anthu anaimirira, mtanda unaonekera pakhomo, kumbuyo kwake ana ovala zoyera, ndipo kumapeto Ambuye Episkopi ndi ndodo yawo.

Nyimbo ya mfumu inayamba. Inali yopyapyala, palibe chobisa. Pamwamba panali bwino, pansi panali bwino, koma pakati panali pobooka, ndipo Bambo Mfumu anacheuka kamodzi atakwinya chipumi. Anthu wamba sanadziwe kanthu, amayi ena mpaka analuluta.

Atalowa gawo lothamanga, a Sipiriano anadzipeza atapendeketsa khutu kumanzere, kumene kunkachokera mawu achisanu. Sanafune kutero, mutu unangopita wokha. Mwina kamodzi, anatero mumtima, mwina kotsanzika chabe. Malo aja anafika.

Panalibe kanthu. Panali mpata wokha, wautali monga momwe anaulembera opeka aja.

Ndipo mumpatamo anamva phokoso lina, lapafupi, limene anali asanalimve kwa nthawi yaitali. Anali Filomena akukoka mpweya. Anaukoka wonse, mapewa akukwera, chifuwa chikudzadza popanda chomugwira, kenako analowa pa nthawi yake ndi mawu amphamvu, ozungulira, ake ake.

A Sipiriano anayenera kulowa pambuyo pake, koma milomo inakana kugwira chitoliro. Anachitsitsa n'kukhala choncho, misozi ikutsikira m'kolala, Episkopi akudutsa patsogolo pawo. Enawo anapitiriza atatu. Mipata inali yambiri kuchokera pamenepo mpaka kumapeto, ndipo iwo anaimvetsera yonse, umodzi ndi umodzi. Paliponse pamene Nangozo ankayimba, mwana wawo ankapuma.